Dzanja la Mkamwini

Manja anga amatuluka thukuta kuyambira ndili mwana. Sindikunena longonyowetsa ayi, koma lochita kudontha, ngakhale mu Juni pamene anthu onse akunjenjemera ndi chisanu. Munthu akandipatsa moni ankapukuta dzanja lake pa thalauza ine ndikuona. Wina anandiuza kuti kugwirana nane chanza kuli ngati kugwira chule. Ndiye ndinasiya kupereka dzanja. Ndinkangowomba m'manja chapatali, basi.

Kwathu ku Dedza anandizolowera. Koma ndinabwera ku Mzimba Boma kudzagwira ukalipentala, n'kukwatira Leah wa ku Edingeni. Pa maliro a mayi ake, apongozi anga a Kalebe anandipatsa dzanja pamaso pa mudzi wonse, ine langa n'kulibisa m'thumba. Leah anayesa kuwafotokozera, iwo anati thukuta si matenda, aliyense wogwira khasu ali nalo.

Patapita miyezi Leah anapita kwawo kukachira. Anabereka mwana wamkazi, ndipo bambo ake anakana kuti abwerere. Uthenga unati mkamwini akaphunzira ulemu adzatenge banja lake, Loweruka likudzali. Mwanayo n'kuti ndisanamuone.

Lolemba ndinapita kuchipatala, koyamba pa nkhani imeneyi. Adokotala, mayi wina dzina lake Esme, anandiyeza shuga ndi chifuwa chachikulu, n'kundigwiragwira pakhosi kuti aone ngati chithokomiro chatupa. Zonse zinali bwino.

"A Bennet, awa ndi matenda ndithu," anatero. "Tiziwalo totulutsa thukuta tikugwira ntchito mopyola muyezo. Palibe anakulodzani."

Ndinkayesa ndisangalala kumva zimenezo, koma sindinamve kalikonse. Zaka makumi atatu ndikutchedwa wonyada, kumangondiuza m'mphindi zisanu.

Anandilembera mankhwala opaka a m'kabotolo. "Kamodzi pa tsiku, pogona, manja atauma gwa. M'mawa musambe. Pakatha sabata ziwiri muona kusintha. Zikakanika, m'mizinda ikuluikulu muli makina oviikamo manja, kulinso jakisoni. Koma tiyambe ndi awa."

Sabata ziwiri, ine ndili ndi masiku asanu. Komanso chibadwire mankhwala amene ndimawadziwa ndi a m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinaganiza kuti mayiyo akuumira. Ndinapaka katatu Lolemba lomwelo, Lachiwiri kasanu, pa manja onyowa, n'kumapitiriza kupala matabwa. Ankaluma, ine n'kumati ndiye kugwira ntchito kwake. Lachinayi zikhatho zinafiira. Lachisanu khungu linang'ambika n'kuyamba kusupuka. Kuuma anauma, zimenezo sindingakane. Ndinawamanga ndi zidutswa za chitenje chimene Leah anasiya.

Loweruka ndinakwera matola kupita ku Edingeni. A Kalebe ndinawapeza pafupi ndi khola la ng'ombe, ali ndi ang'ono awo awiri. Ndinanjuta, ndinamasula nsalu zija, n'kutambasula dzanja. Iwonso anatambasula lawo, koma linaima panjira.

"Mkweni, ichi ntchichi?" anatero m'chiyankhulo chakwawo, kufunsa mkamwini wawo kuti chimenechi n'chiyani.

"Mankhwala andiwotcha, adada. A thukuta lija."

Anayang'ana zilondazo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ang'ono awo. Mmodzi anakokera mpando wake kumbuyo.

"Mbwenu tamva tsopano," anatero a Kalebe, mawu awo atafewa. "Si mwano. Mumabisa khate."

"Si khate, adada. Ndili ndi buku la kuchipatala."

"Musachite soni, mwana wane. Asibweni anga, alongo a amama, linawayamba choncho. Munachita bwino chomene kusandigwira tsiku lija. Ife ndife tinakulakwirani."

Ndinatulutsa bukulo. Palibe analilandira. Ndinalisiya pansi, mphepo n'kumalitembenuza masamba. Ndikanatha kukalipa, kapena kulira, koma m'mutu munangoti zii. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti yewo, kuwathokoza.

"Mlandu watha," anapitiriza. "Koma mwana ngwakhanda. Leah akhale konkuno mpaka muchire, tidzaone ngati silibwereranso. Chaka si chinthu."

Anaitana Leah. Anatuluka m'nyumba atabereka mwana, n'kuima pakhonde pomwe anamuuza kuti aime. Anaona manja anga, misozi inayamba kutsika.

"Anakuuzani kuti muzipaka kangati?" anafunsa.

"Kamodzi."

Leah anapukuta misozi. Bambo ake anamuuza kuti atembenuke kuti mwini mwana aone mwana wake. Anatembenuka. Mwanayo anali m'tulo, nkhope itakwiririka m'nsalu. Chimene chinkaoneka ndi kaphazi kamodzi, kakulendewera m'chiuno mwa mayi ake.

Ndinawerenga tizala take ndili pomwe ndinanjuta paja. Tinali tisanu. Kenako ndinatola nsalu zija n'kuyamba kumanganso manja anga.