Mbewu ya Kachewere ya a Monika

Aphunzitsi a Ignasio anali asanabwezebe kachewere wa a Monika, ndipo a Monika anali atatopa nako kudikira. Kachewereyo sanali wodya ayi. Inali mbewu, yosungidwa kuseri kwa chitseko chikololereni, itayamba kale kutulutsa maso. Dimba lawo kumunsi kwa Kabwazi analilima okha, amuna awo ali ku Joni, ndipo chinyontho chinkatha tsiku ndi tsiku. Anzawo onse anali atabzala.

Amene anatenga mbewuyo ndi Jestina, mwana wawo wa Sitandade sikisi. Aphunzitsi anauza ana kuti abwere ndi kachewere wa phunziro la sayansi. Nyengo imeneyo wodya anali atatha m'nyumba zambiri, choncho ana ena anapita chimanjamanja. Jestina, pofuna kuyamikiridwa, anadzaza dengu, natapanso mchere wogula kwa mwenye. Atafunsidwa madzulo, anati aphunzitsi angobwereka, abweza. A Monika anamuwombera mbama, komabe mawu akuti abweza anawasunga.

Anatuma mwanayo kukakumbutsa, yankho n'kukhala lakuti phunziro silinathe. Anamutumanso, yankho lomwelo. Tsiku lina m'mawa, nkhungu isanachoke pa phiri, anamanga nsalu nauyamba wa ku sukulu ya mishoni.

Sanaodire. Anangolowa m'kalasi, ana n'kuimirira ngati kwabwera bambo mfumu. Pa tebulo la kutsogolo panali mbale zamadzi, ndipo m'mbale iliyonse munali kachewere wawo, wosendedwa, wogobedwa pakati ngati kachikho. Maso onse anali atapita ndi makoko.

A Ignasio, mnyamata wa ku Chikwawa amene kachewere anamudziwira pa mbale, anawalandira mosangalala, poganiza kuti kwabwera kholo lokonda maphunziro. Anawapatsa mpando, a Monika n'kukana. Kenaka anayamba kulongosola. Anati m'kabowo ka kachewere aliyense anathiramo mchere wouma, koma taonani tsopano, mwadzaza madzi popanda wothiramo. Madziwo achoka m'mbale, adutsa m'thupi la kachewere, atsata kumene kuli mchere. Anati m'kati mwa kachewere muli timakhungu tosaoneka ndi maso, tokhala ngati sefa, timene timalola madzi kudutsa koma mchere n'kuukaniza. Dzina lake anati osimosisi, ndipo ana onse anabwereza pamodzi. Anadonthezanso inki m'tambula, kuti a Monika aone mmene imafalikira yokha popanda wotakasa.

A Monika anafunsa kumene kunali wotsalayo, pakuti wa m'mbaleyo sakanadzaza dengu.

Apa aphunzitsi anasangalala kwambiri. Anati kachewere wina anamuwiritsa, kuti ana aone kuti kachewere wakupsa sakoka madzi, chifukwa timakhungu tija tafa. Anamuitana Jestina kuti afotokoze. Mwanayo anafotokoza bwino ndithu, osakodwa, maso ali pansi. Kumbuyo kwa kalasi wina anaseka, mnzake n'kumugunyuza, ndipo a Monika anadziwa okha kumene wowiritsayo anathera.

"Mwaphika mbewu yanga, aphunzitsi?"

A Ignasio anati sankadziwa kuti inali mbewu. Anangoona kachewere wokwinyika, wotuluka timizu, naganiza kuti mayi apereka wotayika.

"Timizu timeneto ndiye dimba langa. Munati mubweza. Ndabwera ndi dengu."

Aphunzitsi analoza mbale zija, nati phunziro latha lero, akhoza kutenga. A Monika anatola mmodzi. Anali wofewa, woterera, wonunkha ngati nsalu yonyowa. Anawafunsa ngati kwawo ku Chikwawa anthu amabzala zotere, ndi kuti akabzala amakolola chiyani, mchere kapena. Ana anaseka poyera tsopano, aphunzitsi n'kumenya ndodo pa tebulo.

Anatulukira pakhonde. A Monika anayamba ndi kufuna dengu lodzaza, mbewu ya maso, pamodzi ndi mchere wawo. A Ignasio anati alibe munda. A Monika anati mcherewo ausiye, koma mbewu akagule ku msika wa ku Lobi. Aphunzitsi anati Lobi n'kutali ndipo njinga yawo ilibe tcheni. A Monika anatsika mpaka theka la dengu. Anatsikanso, nati chabwino, anyamata amene adya wowiritsa uja apite kwa a Ezara, alongo awo a Monikawo, akagwire ganyu Loweruka, a Ezara amalipira ndi mbewu. Aphunzitsi anati ana a sukulu si antchito, ndipo mayeso a boma ayandikira.

A Monika anali asanatsikepo chonchi pa msika uliwonse, ndipo zinkawawawa. Anafunsa kuti nanga iwo aphunzitsi akuika chiyani.

A Ignasio anakonza kolala. Anati mwa ana onse, amene wamvetsa phunziroli ndi Jestina, ndipo funso lotere limabwera pa mayeso. Anati kholo lililonse limaperekako kanthu ku sukulu, ena udzu wofolera, ena njerwa.

"Inu mwapereka kachewere, mayi. Waphunzirira ndi mwana wanu yemwe. Sindibweza."

A Monika anawayang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu. Kenaka anasuzumira pakhomo la kalasi n'kumuitana Jestina. Mwanayo anatuluka atagwira sileti. Anamuuza kuti asiye siletiyo, asenze dengu, apite kwa amalume ake a Ezara, ndipo asabwereko mpaka dengulo litadzaza mbewu.

Aphunzitsi anati mayeso, mayi, mayeso.

"Mayesowo akabzale ndinu," anatero a Monika, ali kale pa njira, Jestina akutsatira pambuyo ndi dengu pamutu.