Beseni la Alamu

Chigwereni m'chitsime ndili mwana, madzi sindiwalola kundikhudza kumaso. Nkhope ndimangopukuta ndi kansalu konyowa, basi. Tsono Lamulungu linali litayandikira, tsiku la ubatizo wanga, ndipo kumpingo kwathu sawaza madzi pamutu ayi. Amamiza munthu yense, ndi tsitsi lomwe.

Loweruka masana ndinapita ku saluni ya alamu anga, akazi awo a achimwene. Munalibe kasitomala. Feni inkazungulira mwaulesi, matawulo atayanikidwa pamipando, chipinda chonse chikununkhira mafuta a tsitsi.

"Khalani apa tiyeserere," anatero alamu, akundikankhira pampando wa pabeseni lotsukira tsitsi. "Mungakakande abusa mawa anthu akuona."

Ndinatsamira chagada, khosi litagunda m'mphepete mozizira mwa beseni.

"Kukalasi ya ubatizo anakuuzani zotani za madziwa?" anafunsa.

Ndinawafotokozera. Abusa anati nkhani ya Nyanja Yofiira ndi chithunzi cha ubatizo. Akapolo analowa m'nyanja n'kutulukira tsidya lina ali mfulu, pomwe ankhondo a mfumu amene ankawathamangitsa anamira momwemo. Madzi amodzimodzi, ena kupulumuka nawo, ena kuthera pomwepo.

"Ndiye vuto lili pati?"

"Sananene kuti munthu amadziwa bwanji gulu lake. Nanga ndikakhala wa gulu lomiralo?"

"Inuyo wankhondo wa pagaleta? Njinga yomweyi imakukanikani kupalasa." Anaseka, kenako anatsegula mpope n'kuyesa madzi padzanja. "Mmene ndinamvera ine nthawi yanga, magulu onse awiri ali mwa inu nomwe. Wina atsale pansi, wina atuluke. Tsinzinani."

Madzi ofunda anayambira pachipumi n'kumatsikira kunkhongo. Zala za alamu zinkayenda m'mutu pang'onopang'ono, kulira kwa feni kukunka kutali. Ndinangodziona ndikuyenda pamchenga wonyowa, pakati pa makoma awiri a madzi obiriwira ngati botolo. Nsomba zinkandisuzumira m'katimo ngati anthu oima pawindo la sitolo. Patsogolo panga mayi wina anali atasenza mtolo, mwana ali mtulo kumsana, ndipo panalibe wothamanga. Kumbuyo ndinkamva magudumu, koma nditacheuka sindinaone kavalo kapena mkondo. Anali mantha anga okha, atavala zachitsulo zolemera, mapazi akutitimira mumchenga. Ndinawamvera chisoni pang'ono. Tachokera nawo kutali.

"Mwagona kodi?" Mawu a alamu ankamveka ngati ali kuseri kwa khoma. "Ino si nyumba yogona alendotu."

"Ndili maso. Bweretsani kumaso kuno."

"Mwatsimikiza? Musandilume chala."

"Thirani."

Ndinagwiritsa mpando ndi manja onse awiri. Madzi anatsikira pazikope, pamphuno, pamilomo. Mtima unafuna kutuluka m'chifuwa, ndinangousiya ugunde. Munali mdima wofunda, m'makutu mukuwomba ngati mphepo, koma dzanja la alamu linali pansi pa khosi langa, osasuntha. Sindinkadziwa kuti dzanja limodzi lingathe kunyamula mutu wa munthu ndi zonse zili m'menemo.

Atatseka mpope ndinakoka mpweya wonunkhira sopo, ndinakokanso wina. Alamu anatambasula tawulo.

"Dikirani kaye," ndinatero, madzi akudontha pachibwano. "Bwerezaninso. Koma ulendo uno musandiuze kuti mukuthira."