Mbedza ya Sajeni Nyalong

Ndege zathu zankhondo anazipangira sitima zapamadzi, koma dziko lathu lilibe sitima yonyamula ndege. Choncho zimatera pamtunda ngati zinzake, chonsecho zili ndi mapiko opindika ndi mbedza yachitsulo kumchira, yokolera chingwe potera pasitima.

Mbedza ya imodzi mwa ndegezo ankaisamala ndi Sajeni Nyalong, mkulu wa ife amakaniko. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Lolemba lililonse, ankaipaka girizi uku akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi kwawo ku Sarawak. Mbedzayo inali isanakolepo kanthu. Tsopano kunatsala sabata imodzi kuti apume pantchito, ndipo Kah Fatt, makaniko wa injini, sankawapatsa mtendere.

"A Nowa, chigumula chija chifika liti?" anatero nthawi ya tiyi, akumasula phukusi la mpunga wa kokonati.

"Seka, mwana iwe. Ndege iyi imamenya zinzake m'mwamba, imaponya mabomba, imazonda adani. Mlamu wako uja amagwira ntchito zingati?"

"Pakumwa ndiye akufanana! Isanafike patali, yayamba kale kulira mafuta. Miyendo ngati ya njati, mbedza yongolemetsa. Tiichotse, akulu, tikagulitse kwa opachika nyama kumsika."

A Nyalong anaseka nafe limodzi, koma titatsala awiri anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ine ndimawasokoneza Ambuye. Ndimapempha kuti isadzafunike, n'kupemphanso kuti ndidzaione ikugwira kamodzi kokha ndisanachoke."

Lachinayi kunagwa chimvula, Kaputeni Suraya ali m'mwamba ndi ndege ija. Anatiuza pa wailesi kuti mabuleki afa, ndipo mafuta ozungulirira kudikira kuti mvula ikate alibe.

"Ndinanena ine za mafuta," anatero Kah Fatt.

Tinathamanga kukakunga chingwe chapangozi chopingasa msewu wa ndege. Ndegeyo inatulukira m'mitambo n'kugwa ngati mwala, miyendo ya njati ija n'kuilandira osagwedera. Mbedza inakwekwerezeka pansi ikuthetheka moto, kenaka kwaa! Chingwe chinalira, ndege n'kuima chilili.

Kaputeni anatsika mvula ikuwakhuthukira. "Amasamala mbedza imeneyi ndani?"

Tonse tinaloza kumchira. A Nyalong anali atagwada kale m'madzimo, dzanja lili pa mbedza yotentha. Kaya ankapemphera, kaya ankaona ngati yang'aluka, mwina zonse ziwiri.

"Sajeni, Mulungu akudalitseni," anatero Kaputeni.

"Wayankha mapemphero onse awiri, mayi. Loyamba zaka zonsezi, lachiwiri lero." Atatero anatembenuka. "Kah Fatt! Gwira chitini cha girizichi. Lolemba ine kulibe."

Kah Fatt analandira ndi manja awiri. "Nanga nyimbo zija, akulu, ndiziimbanso?"

"Ayi, mwana wanga. Ndi mawu akowo, mbedza ingachite dzimbiri."