Mzere Umene Imelda Anakana Kufufuta

A Chalwe, mkulu wa dipatimenti pa sukulu ya ukachenjede, anali munthu woti akafuna chinthu, ngakhale nyenyezi zimayenera kumvera. M'chaka cha 1988, kutatsala milungu iwiri kuti dziko likumbukire ufulu, anakadzitama kwa akuluakulu a Chipani kuti sukulu yawo yatulukira nyenyezi imene ikuzilala. Anadzitama asanafunse n'komwe Imelda Tembo, mwini ntchitoyo.

Imelda ndiye analemba pulogalamu ya pakompyuta yoyezera kuwala kwa nyenyezi pa zithunzi. Inkazunguliza kabwalo pa nyenyezi n'kuwerenga kuwala kwa m'katimo, kenako n'kuchotsera kuwala kwa thambo lozungulira. Pomaliza inkasindikiza mizere iwiri: wina wa kuwala kwa nyenyezi, wina wa chikayiko, wosonyeza kuti muyesowo ungaphonye motani. Tsono zithunzizo anajambula mu Seputembala, Lusaka ali fumbi lokhalokha, utsi wa mbaula ndi wa tchire uli tolo. Nyenyezi inaoneka yozilala pang'ono, inde, koma chikayiko chinaposa kuzilalako kanayi.

"Ba Imelda, mzere wachiwiriwu uchoke," anatero a Chalwe, akugogoda pepala ndi cholembera. "Alendo safuna zokayikakayika. Mukatero musaine pansipa."

"Bwana, ukachoka mzerewu chotsala ndi bodza. Chazilala ndi thambo lathu, osati nyenyezi. Tidikire mvula itsuke kumwamba, tijambulenso."

"Mvula? Mwambo wa ufulu uli pa 24." Anatsitsa mawu, monga amachitira anthu oterewa akafika pa mfundo yeniyeni. "Nyumba ija mukhala ku Chelstone ndi ya sukulu. Ambiri akuifuna."

Imelda anamva mantha, tisanamizane. Anakulira ku Kabwata, anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri, ndipo nyumba ya ku Chelstone inali yoyamba kukhala ndi mpopi m'kati. Ana ake awiri anali atabzala kale mapapaya kuseri. Masiku atatu anayesa njira zonse: anakulitsa kabwalo, anakachepetsa, anayezanso thambo mbali ina. Ankafunitsitsa kuti a Chalwe akhale olondola. Chikayiko chinangotsika pang'ono n'kuima pomwepo ngati bulu.

Lachisanu a Chalwe anamuitana. Mzere uja anali ataudula okha ndi sizasi, mokhotakhota, ndipo pambali panakhala mlendo wa ku Chipani wovala suti ya safari, akumwa tiyi.

"Sainani, mayi, tikuchedwa," anatero a Chalwe.

Imelda anatenga cholembera. Manambala odulidwawo ankawadziwa pamtima. Anawalembanso limodzilimodzi m'mphepete mwa pepala, lililonse pafupi ndi mnzake, kenako n'kusaina pansi ndi zilembo zikuluzikulu.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa mlendoyo.

"Ndi umboni woti sitinatulukire kanthu, bambo. Dzina langa liyenda ndi mizere yonse iwiri."

Kalata yomutulutsa m'nyumba ija inabwera Lolemba. Pa tsiku la ufulu, magulu oguba akudzaza misewu, lole yobwereka inanyamula mipando ndi mabedi kuchoka ku Chelstone kupita kwa mchimwene wa Imelda, Nicodemus, ku Kabwata. Mwana wamkulu, Eness, anafunsa ngati amayi ake analakwitsa masamu ku ntchito.

"Ayi, mwanawe," anayankha Imelda, akukhwimitsa chingwe pa matilesi. "Ndinawakhoza. Kwera tizipita."