Mzere Umodzi

Panadutsa masabata awiri ndisanapite kumwezi. Ndili ndi ana atatu, onse aamuna, ndipo wotsirizayo ndinali nditangomuletsa kuyamwa. Ntchito yanga yosoka ndinali nditangoiyambiranso patatha zaka ziwiri ndili pakhomo.

Bambo a ana sindinawauze. Ndinauza akulu anga, omwe timasokera shopu imodzi.

"Pita ukayezetse," anatero, mapini ali kukamwa. "Maganizo akuthera ntchito. Dzulo unasoka mkono wa malaya mozondoka."

Kuchipatala ndinakhala pabenchi pafupi ndi mtsikana woyembekezera yemwe ankasisita mimba yake uku akumwetulira yekha. Ndinamusirira. Kenako ndinakumbukira matewera, kuwawa kwa msana, ndi masiku amene ndinkadzitsekera m'bafa kuti ndingokhalako ndekha mphindi zisanu. Ana anga ndimawakonda. Koma pabenchi paja ndinkapemphera chamumtima kuti wachinayi asabwere, ndipo pempherolo linkandichititsa manyazi.

Anamwino, mayi wonenepa wa magalasi, atandiyeza anandisonyeza kachipangizo koyezera mimba.

"Mzere ndi umodzi, mayi. Mulibe pathupi. Thupi likungosintha poti mwaletsa mwana kumene."

Ndinaseka. Kenako misozi inangoyamba yokha.

"Kani mumafuna?" anandifunsa.

"Ayi."

"Nanga mukuliranji?"

"Ndinali nditayamba kumuganizira. Ndimaona ngati akhala wamkazi. Ndiponso nsalu ya kadiresi kake ndinali nditaidziwa kale."

Anandipatsa tishu, osandiseka. "Nanenso zinandichitikira. Lirani kaye, mukatha tikambirane za kulera."

Tinakambirana, ndinasankha njira yanga, ndipo anandilembera tsiku lobweranso.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo, koma sindinakwere minibasi. Ndinayenda wapansi, thupi lili pepuu. Pagolosale ina ndinagula chakumwa chozizira n'kukhala pakhonde pomwepo. Ndinamwa pang'onopang'ono mpaka kutha, popanda kadzanja kondilanda botolo.

Nditalowa m'shopu, akulu anga anaimitsa makina.

"Zili bwanji?"

"Palibe."

Anandiyang'ana m'maso mofiiramo. "Ndiye ndinene kuti pepa, kapena tithokoze Mulungu?"

"Nenani zonse, koma muyambe ndi kuthokozako."

Tinaseka mpaka kasitomala amene ankadikira siketi yake anafunsa ngati kwagwa ukwati. Tsiku limenelo ndinaweruka msanga. Ndinkafuna kukawatenga ndekha ana awiri okulirapowo kusukulu, ndiwamve akulimbirana kundiuza nkhani zawo.