Madzi Oviikira Udzu

Tiyi wa folo koloko ankamwera pakhonde, chifukwa pamenepo khola la Dona linkaoneka bwino. Pakhomopo anali atatu: bambo amene anthu ankangowatcha a Ngolo, akazi awo, ndi akulu awo a bamboyo, amene anabwera kudzakhala nawo chaka chimene anaferedwa. Mayiyo anathira tiyi nagawa buledi, koma panalibe amene ankayang'ana m'kapu.

Dona inali hatchi yawo. Kwa zaka khumi ndi zinayi inakoka ngolo, kututa mchenga, njerwa ndi matumba a anthu, ndipo ana onse a pakhomopo anakula mpaka kuchoka chifukwa cha msana wake. Dzinalo analipereka ndi mayiyo, poona kuti amuna awo akadzuka ankayamba kukapereka moni kukhola asanafunse mmene m'nyumba mwadzukira. Tsopano hatchiyo inali itaima monga inkaimira masiku onsewa, miyendo yakutsogolo itaitambasulira patsogolo, thupi lonse litatsamira kumbuyo, ngati munthu woopa kuponda makala.

"Adokotala akubwera madzulo ano," anatero a Ngolo. "Achimwene, ngati pali choti muulule, ululiranitu pano, musakachite manyazi pamaso pa mlendo."

"Ndiulule chiyani? Ndinanena kale. Kamodzi kokha ndinam'patsa Dona kaudzu kodzaza m'manja."

"Kamodzi kanuko timakadziwa, alamu," anatero mayiyo. "Ndi kamodzi komwe kaja ka fodya amene munasiya chaka chatha."

"Inu mlamu, mukanakhala wapolisi bwenzi ndende zitadzaza anthu osalakwa."

Palibe anaseka. Alamuwo anaviika buledi mu tiyi, nayang'ana kumbali.

Matendawa anawadziwa masabata asanu ndi limodzi m'mbuyomo. Hatchi inali itanenepa khosi mpaka kulimba ngati mtsamiro wakale, ubweya unatalika nupotana osathothoka ngakhale kunja kutatentha, madzi inkamwa osakhuta. A Ngolo ankanyadira kunenepako, amvekere chiweto chosamalidwa chimaoneka ndi khosi, kufikira m'mawa wina Dona anakana kutuluka m'khola. Adokotala a ziweto, mayi wachitsikana woyenda pa njinga yamoto, anatenga magazi nabwerako ndi mawu. Kachiwalo kena ka pansi pa ubongo kanali katasokonekera ndi ukalamba, ndipo thupi silinkamveranso insulini, chinthu chimene chimayendetsa shuga m'magazi. Shuga akachuluka m'chakudya, insuliniyo amachulukanso, nakawononga m'kati mwa ziboda, mmene fupa limagwirana ndi chikhadabo. Zikapitirira fupalo limatsika, ndipo hatchi yoteroyo saisunga, chifukwa ululu wake sutha.

Choncho adokotala anawasiyira malamulo. Msipu wauwisi ayi, gaga ayi, makoko a zipatso ayi. Piritsi limodzi m'mawa uliwonse. M'khola athiremo mchenga wambiri kuti pakhale pofewa. Chakudya chikhale udzu wouma wokha, ndipo udzuwo aziyamba auviika m'madzi kwa ola lathunthu.

Za madzi pakhomopo zinali za mayiyo, ndiye kuviikako kunagwera iwo. Chitsime chinali kumunsi kwa mtsetse, ndipo ankatsikako kanayi pa tsiku, ndowa pamutu, ina kumanja. Sanaphonye tsiku ndi limodzi lomwe. Ataona kuti hatchi sikuchira, anakhoma loko pachitseko cha kanyumba kosungira gaga, kiyi namumanga pansonga ya nsalu yawo. Anachita zimenezi alamu awo akuona.

Njinga yamoto inamveka tiyi asanathe. Adokotala anapereka moni, nalunjika kukhola. Anagwira ziboda zonse zakutsogolo, nakhalitsa chala pamtsempha wa pamwamba pa chiboda. Kenaka anapempha amuna awiriwo kuti aichirikize hatchiyo ndi mapewa, iwo nanyamula mwendo. Dona anabuula, thupi lonse likunjenjemera, thukuta likuyenderera m'ubweya wopotanawo. Adokotala anapala pansi pa chiboda ndi kampeni, nayang'ana nthawi yaitali. Anatero ndi mwendo winawo. Atautsitsa anatembenukira kwa a Ngolo.

"Mapiritsi akumwa?"

"Tsiku lililonse," anayankha a Ngolo. "Ndimam'patsa ndekha, ndipo ndimayang'ana m'kamwa."

"Msipu?"

A Ngolo anayang'ana akulu awo. Akuluwo anayang'ana mchenga.

"Kamodzi, adokotala."

"Kamodzi sikangafikitse apa. Mayi, tandionetsani mmene mumakonzera udzu, kuyambira poyamba."

Mayiyo anakondwa kuti afunsidwa, chifukwa pa zonsezo mbali yawo ndi imene inalibe banga. Anawatengera kuseri kwa khola, kumene kunali beseni lalikulu lachitsulo. Udzu wamadzulo unali utaviikidwa kale, mwala uli pamwamba kuti usayandame. Anafotokoza kuti amayang'ana nthawi pa wotchi ya pakhoma, osati kungoganizira. Anachotsa mwala, navuula udzu, naufinya, nauyanika pa waya kuti ukhe. Adokotala ankagwedeza mutu kuvomereza. Ndiye mayiyo anawerama, nanyamula beseni ndi manja awiri, nayamba kulowera kukhomo la khola.

"Mayi, taimani. Madziwo mukupita nawo kuti?"

"Kukam'mwetsa."

"Mumatero tsiku lililonse?"

"Kawiri pa tsiku. Amawakonda kwabasi, sasiya ndi dontho lomwe. Oyerawa amangonunkhiza."

Adokotala anakhala pansi pa mpini wa ngolo, navula magolovesi pang'onopang'ono.

"Udzu timauviika kuti shuga atulukemo," anatero motsitsa mawu. "Akatuluka amatsala m'madzimo."

Mayiyo anatula beseni. Madziwo anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Masabata onsewa ankaganiza kuti kuviikako n'kofewetsa udzu, ndipo mtundu umenewo ankauona ngati mphamvu ya chakudya, imene sikanayenera kutayika hatchi ili ndi njala. Anaviika chala nalawa. Kutsekemera kwake kunali kwapatali, koma kunalipo.

"Kulakwa n'kwanga," anatero adokotala. "Ndinati muziviika, sindinati muzitaya. Kwathu madzi timangotsegula pampopi, ndiye sindinaganizeko."

"Ndani angataye madzi okwera nawo mtsetse uwo?" anatero alamu aja, osayang'ana munthu.

"Komanso sindinganene kuti ndi madziwa okha. Matendawa anali atapita kale patali ndisanabwere. Mwina tikanafika pomwe pano."

Pa mawu onsewo mayiyo anangotola limodzi, loti mwina.

"Nanga ndikayamba lero kutaya?" anafunsa. "Ndizitsuka udzuwo kawiri, katatu. Chitsime sichinaphwe."

"Fupa latsika, mayi, miyendo yonse iwiri. Kumanzereku layamba kuboola pansi. Likafika apo silibwereranso."

A Ngolo anali atakoleka dzanja pakhosi pa hatchi. "Ngakhale osakokanso ngolo? Azingokhala basi, kudya ndi kugona, ngati achimwenewa?"

"Achimwene anuwo akaponda pansi samva kupweteka, bambo. Uyu akumva nthawi zonse, ataima ngakhale atagona. Ndim'baya jakisoni woti apumuleko lero. Mawa m'mawa ndibwera ndi jakisoni winayo, wom'gonetseratu, ngati mwavomera."

Nkhuku zinayamba kulowa. Kenaka a Ngolo anafunsa kuti dzenje likhale lakuya bwanji, ndipo adokotala anawaonetsa ndi dzanja pachipupa cha khola. Pokwera njinga ananena kuti madzulo amenewo akhoza kuipatsa chilichonse chimene imakonda, malamulo aja atha.

Dzuwa linali lisanalowe. Mayiyo anapeza alamu awo akunola chikwakwa pamwala. Anamasula kiyi pansonga ya nsalu, nawapatsa ndi manja awiri.

"Alamu, ndinakusandutsani wakuba pakhomo pa mng'ono wanu."

"Aa, mlamu, nkhalamba yopanda ntchito imayenera kukhala ndi mlandu wake, apo ayi anthu angaiwale kuti ilipo." Anayesa chikwakwa ndi chala. "Komanso sikanali kamodzi. Kanali katatu. Mwina kanayi."

Mayiyo anawayang'anitsitsa. Sanathe kudziwa ngati zinali zoona, kapena mkuluyo ankangofuna kuwalandirako katundu. Alamuwo analowetsa kiyi m'thumba, natsetserekera kudambo kukamweta.

Mayiyo anakapeza amuna awo m'khola, akupesa ubweya wa Dona ndi burashi yakale yothothoka. Jakisoni anali atayamba kugwira, hatchi itagwetsa mutu. Mayiyo anaima pakhomo kudikira mawu. Ankafuna akalipiridwe, atukwanidwe kumene, kuti chinthucho chituluke chikhale panja pomwe onse angachione.

"Bambo, nenani."

"Ndinene chiyani?"

"Chimene chili mumtima mwanu."

A Ngolo anachotsa ubweya paburashi, naugwetsa pamchenga. "Ndinkakuonani mukuthira madziwo, mayi. Tsiku lililonse ndinkakuonani. Ndinkati mkazi wanga ndi wosamala." Anapitiriza kupesa. "Ine chitsime chija sindinatsikeko ndi tsiku limodzi lomwe."

Mawuwo sanawapeputse mayiyo. Anapita kukhitchini, natenga ndowa ya madzi akumwa a m'nyumba, natsuka chomwera cha hatchi ndi mchenga mpaka chinayera, nathiramo madzi oyera mbee. Dona anatsitsa mphuno, nanunkhiza, napumira m'madzimo. Kenaka anatembenuza mutu kuyang'ana kukhomo, kumene beseni linkalowera masiku onse, nalira pang'ono m'mphuno monga ankachitira akamva mapazi a mayiyo.

"Imwa, iwe," anatero mayiyo. "Imwa awa."

Hatchi inangoyang'anabe kukhomo.

"M'patseni amene amakondawo," anatero a Ngolo.

"Sindingathe."

"Agona ndi ludzu, mayi."

Beseni linali pomwe analitula paja, tiudzu tikuyandama pamwamba. Analinyamula, ndipo madzi ena anatayikira pansalu. Analiika pamchenga. Dona anamwa osapumira, makutu akugwedezeka pa kumeza kulikonse, mpaka ananyambita chitsulo. Mayiyo anakhala chogwada pambali pake, akugwira m'mphepete mwa beseni kuti lisagubuduke. Alamu anabwera ndi mtolo wa msipu wobiriwira ndi gaga m'chipewa, ndipo atatuwo anaima kuonerera hatchi ikudya ngati kale. Chakudya chawo chamadzulo chinazizira patebulo.

M'mawa mwake anansi anayi anabwera ndi mapiki ndi mafosholo, nayamba kukumba kuseri kwa khola, pafupi ndithu, poti hatchiyo sikanatha kuyenda mtunda. Adokotala anafika seveni koloko. Mayiyo anawalonjera, nalowa m'khitchini, natereka ketulo yaikulu ya anthu okumbawo. Anatsuka makapu amene anali otsuka kale. Ankayembekeza kumva kulira, koma sikunamveke kanthu, kupatula mawu a amuna awo akulankhula motsitsa monga ankachitira pokwera chitunda ndi katundu wolemera. Kenaka pansi panagunda kamodzi, ndipo anakumva m'mapazi.

Pokwirira panatenga nthawi. Okumbawo anamwa tiyi pakhonde, akukambirana za kuuma kwa nthaka ya chaka chino, wina nadandaula kuti piki yake yaguluka mpini. Atabalalika, panafika mmisiri womanga nyumba, atakwera njinga yakapalasa, pensulo ili kukhutu. Nkhaniyi anali asanaimve.

"A Ngolo alipo, mayi? Ndikufuna mchenga Lachinayi, maulendo atatu."

Mayiyo anam'patsa mpando, nakaitana amuna awo. A Ngolo anabwera dothi lili m'mawondo, namvetsera zonse mpaka mmisiriyo anamaliza.

"Lachinayi sindikwanitsa," anatero. "Pitani kwa uja wa ng'ombe ziwiri, kuseri kwa chigayo. Mukam'peze m'mawa, masana sapezeka. Mukamuuze kuti asadzazitse, mlatho wapamunsi uja ndi wofooka."

Mmisiriyo anathokoza nakwera njinga yake. Mayiyo anasonkhanitsa makapu m'thireyi, ndipo apo m'pamene anamva nkhuku zikulira m'khola mwawo. Panalibe amene anakumbukira kuzitsegulira. Anatula thireyi pakhonde, napita kukachotsa thabwa pakhomo pake.