Bokosi Lotuwa la Bambo

Makinawo anaimanso okha. Kampeni kosemera kanakwera m'mwamba, kusiya dzina la bambo litalembedwa theka pathabwa lokaika pamanda, ndipo m'galajamo munangoti zii. Utuchi wokha ndiwo unkatsika pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa.

"Kachitatu aka," anatero achimwene ake a Mzime. "Bokosi ili ndi lokalamba, kompyutayinso ndi ya m'nthawi ya Nowa. Tichotse zonse, tiike kabolodi kamagetsi katsopano ndi pulogalamu ya masiku ano. Ndabwera nazo kale."

Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda. Makina osema matabwa amenewa bambowo anawalumikiza okha atapuma pantchito, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri anakanitsitsa kusintha bokosi lotuwa lolamula mamota. Ana akamawaseka kuti ndi ouma mutu, iwo ankangoti, "Limandidziwa."

Patatha mphindi zisanu, popanda woligwira, bokosilo linati tcha, kampeni kanatsika n'kupitiriza pomwe kanalekezera. Mzime anachita mantha, osati pang'ono, chifukwa zinali ngati wina waima pakati pawo n'kudina batani.

"Waona? Misala yokhayokha," anatero achimwenewo, akufunafuna sikuludalaivala. "Tithane nazo lero. Ine ndinyamuka mawa, iwe mkuja. Amayi tiwapezera munthu waganyu."

"Munthu waganyu akawadziwira kuti?"

"Nanga utsala ndiwe?"

Mzime anayang'ana pansi. Chikwama chake chinali chomangamanga kale, ndipo manyazi ake analinso momwemo. Mayi awo anafa ziwalo mbali imodzi zaka zingapo zapitazo, ndipo chichitikireni maliro anali asanalankhule ndi munthu.

Theka la ola litakwana, makinawo anaimanso. M'bata limenelo, kuseri kwa khoma, kunamveka mawu a mayi, ofooka koma omveka bwino.

"Mwabwera?"

Achimwene aja anauma, sikuludalaivala ili pa sikulu yoyamba. Mzime anakokera mpando wa bambo, womwe unali ndi dzenje la thupi lawo, n'kuyamba kutsitsa mizere ya manambala pakompyuta. Pakati pa manambalawo anapeza lamulo limene bambo analemba okha: theka la ola lililonse, imani mphindi zisanu. Pambali pake panali timawu tawo. Madzi. Kuwatembenuza. Mankhwala. Kungowaona.

"Achimwene, siyani bokosilo."

"Thabwali likufunika Loweruka, iwe."

"Litha. Tabwerani muwerenge. Pulogalamu yanu yatsopanoyo zimenezi ikuzidziwa?"

Achimwenewo anawerenga. Kenaka anabwezera sikulu ija pamalo pake, n'kuimanga mosamala ngati akuopa kudzutsa munthu.

Mzime analowa m'nyumba. Anapeza mayi atakankhira bulangete pambali ndi dzanja lawo lamoyo, kapu ataisendezera m'mphepete mwa tebulo. Maso awo anali pakhomo, koma pamwamba pa mutu wa Mzime, pomwe pakadakhala nkhope ya munthu wamtali. Sanawatsitse.

Mzime anawadzutsa, kuwamwetsa madzi, kenaka n'kuwatembenuzira mbali ina. Manja ake sankadziwa pogwira, ndiye mayiwo anamuongolera chigongono osanena kanthu.

Kuseri kwa khoma bokosi linati tcha. Mamota anayamba kulira, kupitiriza dzina la bambo.

"Pitani," anatero mayiwo, maso atatseka. "Ayamba."

Mzime anaima kanthawi, akumvetsera. Kenaka anadzazanso kapu ija, n'kuiika m'mphepete mwa tebulo pomwe anaipeza, ndipo anayang'ana wotchi ya pakhoma kuti adziwe nthawi yobwereranso.